Kuchoka ku Bangwe mpaka ku Chilomoni pa minibasi: malangizo kwa wobwera kumene mu Blantyre

Chaka sichitha popanda mwana wa mlongo wanga, kapena wa mnansi wa kumudzi, kundiimbira foni kuti wapeza ntchito kapena malo a sukulu mu Blantyre. Tikangotha kulonjerana, funso limakhala lomwelo: "Amalume, ndikwere iti, nditsikire pati, ndinyamule zingati?" Ndayankhapo pa foni, ndayankhapo pa WhatsApp pakati pa usiku, tsiku lina ndinachita kujambula njira pansi ndi kamtengo titakhala pa maliro. Lero ndati ndilembe kamodzi, aliyense wofunsa ndizingomutumizira.

Ndimakhala ku Bangwe, ntchito ndimagwira ku Chilomoni. Popita ndi maminibasi atatu, pobwerera atatunso, kuchoka kum'mawa kwa mzinda kukafika kumadzulo kwake. Inu mwina mukakhala ku Ndirande kapena ku Machinjiri, koma zimene ndimakumana nazo pa njira yangayi ndi zomwezo zikukudikirani. Chimene ndikufuna mugwiritsitse n'chakuti mphamvu zanu zonse zili pansi, phazi lisanaponde m'galimoto. Mukangokhala pampando, chitseko n'kutsekedwa, ndalama n'kulowa m'manja mwa kondakitala, mawu anu sakhalanso ndi kulemera kumene anali nako muli panja.

1. Dziwani kuti mzinda uno uli ndi mitu iwiri

Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri osiyana, anawaphatikiza mu 1956, ndipo maminibasi mpaka lero amayenda ngati matauniwo sanaphatikizidwe. Dera lililonse lili ndi mutu wake. Za ku Bangwe, Kachere, Chigumula, Bvumbwe ndi njira ya ku Thyolo zimathera ku Limbe. Za ku Chilomoni, Mbayani, Chirimba, Lunzu ndi Chileka mumazipeza mosavuta ku Blantyre. Ndiye munthu wa mu mzinda uno akati "ndikupita ku Blantyre" kapena "m'tauni," sakunena mzinda wonse, akunena pakati penipeni paja, kumene kuli msika waukulu, Victoria Avenue ndi mabanki. Wobwera kumene amasokonezeka apa. Ali pa Limbe amva kondakitala akukuwa "Blantyre, Blantyre!" iye n'kumadabwa kuti kodi pamene ndaima pano si Blantyre?

Pakati pa mitu iwiriyi pali mtunda wa makilomita pafupifupi 8, ndipo msewu waukulu wolumikiza ndi Masauko Chipembere Highway. Palibe amene amatchula dzina lonselo pa siteji, onse amangoti "Highway." Lowezani masiteji ake motsatana kuchokera ku Limbe: Yiannakis, Maselema, Chichiri pamene ambiri amangoti pa Shoprite, pa Stadium, pa Poly, Ginnery Corner, Clock Tower, kenako m'tauni. Mayina ena ndi akale koma sanafe. Sukulu ya Polytechnic inasintha kukhala MUBAS mu 2021, koma mukati "nditsika pa MUBAS" kondakitala wina akuyang'anani kawiri. Nenani kuti pa Poly. Chipatala cha Queen Elizabeth achinyamata amati ku Queens, akuluakulu amati ku Gulupu, ndipo wopita kumeneko amatsikira pa Ginnery Corner.

Si minibasi iliyonse yochoka ku Limbe kupita ku Blantyre imene imadzera Highway. Zina zimazungulira ku Kanjedza, Soche ndi Zingwangwa, ndipo ngakhale zimakafika m'tauni momwemo, sizidutsa pa Poly kapena pa Chichiri. Palinso zolowera ku Makata kupita ku Ndirande.

2. Werengani nthawi malinga ndi kumene anthu akulowera

M'mawa anthu onse amatsikira ku matauni awiriwa, madzulo amabwerera kumakomo. Maofesi ambiri amatsekula 7:30, choncho kuyambira cha m'ma 6:30 mpaka 8 koloko Highway imathithikana, makamaka pa maraundabauti a Chichiri, Ginnery Corner ndi Clock Tower. Madzulo mdipiti umayamba cha m'ma 4:30 mpaka mdima utagwa. Kusiyana kwa kunyamuka 5:45 ndi kunyamuka 6:15 ku Bangwe si mphindi 30 ayi. Woyambayo amafika n'kumwa tiyi, wachiwiriyo amakafika thukuta lili kamukamu akupepesa abwana.

Pali chinthu china chimene chinanditengera nthawi kuti ndichimvetse. Mukamayenda motsatira khamu, minibasi imadzaza msanga koma mtengo ndi wokwera ndipo msewu ndi wodzaza. Mukamayenda mosemphana ndi khamu, mtengo umatsika, msewu uli mbee, koma minibasi imachedwa kudzaza. Ine m'mawa gawo lomaliza, lochoka m'tauni kupita ku Chilomoni, ndi losemphana ndi khamu, ndipo ndi pamene ndimatayira nthawi yambiri nditakhala m'galimoto yoima. Powerengera ulendo wanu musaiwale kuika nthawi yodikira kuti idzaze.

Masiku ena ndi olemera kuposa anzake: Lolemba m'mawa, Lachisanu madzulo, kumapeto kwa mwezi, ndi tsiku limene Maule kapena Manoma akusewera pa Kamuzu Stadium. Nyengo ya malonda a fodya malole amachuluka cha ku Limbe chifukwa cha okushoni. Mtsogoleri wa dziko akakhala ku Sanjika, apolisi amatha kuimitsa magalimoto onse kuti mdipiti wake udutse. Mafuta akasowa, mizere ya pa malo omwetsera imadya theka la msewu ndipo maminibasi oyenda amachepa. Ngati muli ndi mayeso, intavyu kapena tsiku loonana ndi dokotala ku Gulupu, onjezani ola lathunthu.

3. Konzani ndalama usiku, osati pa siteji

Sindikulemberani mitengo pano chifukwa pofika pamene muziwerenga idzakhala itasintha. Bungwe la MERA likalengeza mtengo watsopano wa mafuta usiku, m'mawa mwake kondakitala amakhala atakweza kale. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, tinaona mmene zinthu zinasinthira m'masiku ochepa. Komanso pa tsiku limodzi lomwelo mtengo wa 7 koloko m'mawa ndi wina, wa 11 koloko ndi wina, wa nthawi ya mvula ndi winanso. Njira yodziwira mtengo wa lero ndi kufunsa munthu amene akudikira nanu, makamaka mayi wonyamula dengu la malonda kapena mwana wa sukulu. Amenewo amakwera tsiku ndi tsiku ndipo salipira kopitirira.

Sinthani ndalama zikuluzikulu dzulo lake pogula sopo kapena mayunitsi. Chipepala cha K5,000, chimene chinabwera mu 2022, n'chabwino kusunga koma m'mawa pa minibasi chimabala mkangano. Gawani ndalamayo m'magawo malinga ndi maminibasi amene mukwere, gawo lililonse m'thumba lake, ndipo yobwererera muiike pena pamene simungaikhudze masana. Musamatulutse chikwama chonse pagulu. Makondakitala ena amalola Airtel Money kapena Mpamba, koma ambiri safuna chifukwa mafuta amagula pang'onopang'ono ndi ndalama ya m'manja, musadalire foni.

Mudzamva mawu oti "yobanduka." Ndi ndalama yosakwana mtengo wonse. Kunena kuti muli ndi yobanduka si chamanyazi, ndipo masana anthu akachepa kondakitala amalandira. Koma muinene musanakwere. Kukwera mwakachetechete n'kudzatulutsa yobanduka galimoto ili pa liwiro ndi kumene kumabweretsa kutukwanizana, ndipo apo olakwa mumakhala inuyo.

4. Sankhani minibasi ndi maso anu, osati ndi makutu

Pa siteji mudzakumana ndi anyamata oitanira. Ntchito yawo ndi kukuwa ndi kukokera anthu m'galimoto, ndipo ikadzaza amalandira kangachepe kwa kondakitala. Boma linaletsa zoitanira mu 2006, koma anyamatawa alipobe pa masiteji onse akuluakulu. Ambiri sali ndi choipa ndi inu, akusaka ya ufa basi. Komabe kumbukirani kuti woitanira sapita nanu pa ulendo. Chilichonse chimene walonjeza, kaya mtengo, kaya koti "yatsala munthu m'modzi," chimatsala naye pa siteji pomwepo. Musamulole kunyamula chikwama chanu, chifukwa kumene chikwama chalowa inunso mulowa komweko. Mawu oti "zikomo achimwene, ndanyamula ndekha" ndi okwanira, muwanene mukuyenda.

Minibasi yooneka ngati yatsala pang'ono kudzaza muiyang'anitsitse. Nthawi zina anthu anayi kapena asanu amene akhalamo ndi ongodzazira, ndipo pamene okwera enieni akulowa, iwo amatsika m'modzim'modzi. Mudzawazindikira: alibe katundu, akhala pafupi ndi khomo kapena pawindo, akucheza ndi dalaivala ngati anzawo, ndipo sakuoneka kuti nthawi ikuwapweteka. Wokwera weniweni amayang'ana pa foni kuona nthawi, amadandaula. Injini yolira ndi galimoto yosunthasuntha kutsogolo ndi kumbuyo si chizindikiro choti ikunyamuka.

Mukakhala pa changu pa Highway, nthawi zambiri ndi bwino kuyenda pang'ono kuchoka pa siteji yaikulu n'kukwera imene ili kale pa ulendo, kusiyana ndi kukhala woyamba kulowa m'galimoto yopanda anthu.

Yang'ananinso galimotoyo. Yololedwa kunyamula anthu imakhala ndi nambala yofiira. Onani matayala, onani ngati chitseko chikutsekeka chokha kapena kondakitala akuchigwirizira ndi dzanja, nunkhizani ngati m'kati muli fungo la petulo, chifukwa ena amaika chigubu cha mafuta pansi pa mpando. Lamulo limati anthu atatu pa mpando umodzi. Madzulo ndi m'misewu ya m'makomo mudzamva "folo folo, tasunthani pang'ono amayi," kutanthauza anayi pa mpando. Galimoto yotero ikakumana ndi a trafiki mumachedwa nonse, ndipo ikachita ngozi kutuluka kumavuta. Dalaivala akamanunkha mowa, kapena mukaona kuti mwini chiwongolero watsika n'kusiyira kamnyamata kena kuti kamugwirire ganyu, tsikani. Ine apa sindinyengerera, ndipo ndikupemphani kuti inunso musanyengerere, ngakhale mutachedwa kuntchito.

5. Funsani mafunso atatu muli pansi

Safunsa anadya phula. Funsani kondakitala weniweni, amene wagwira ndalama zopinda pakati pa zala, osati woitanira. Loyamba: "Ikukafika pati?" Musafunse kuti "ikupita ku Blantyre?" chifukwa yankho lake nthawi zonse ndi eya. Mulekeni atchule yekha pamene akukathera, ndipo ngati mukufuna kukafika ku msika nenani kuti "mpaka ku msika?" Lachiwiri: "Ikudzera kuti?" Highway kapena ku Zingwangwa. Lachitatu: "Zingati, ndipo chenji cha ndalama iyi muli nacho?" Muonetseni ndalamayo.

Funsani mokweza ndithu, kuti amene ali m'katimo amve. Sikuti mukuchita mwano. Mukupanga mboni. Kondakitala amene wavomera pamaso pa anthu khumi kuti akukafika ku msika pa mtengo wakutiwakuti amavutika kusintha mawu pa Ginnery Corner, chifukwa pamakhala mayi wina kumbuyo amene anena kuti "tinamva tonse."

Ngati muli ndi katundu wamkulu, thumba la chimanga kapena la makala, mtengo wake mugwirizane nthawi yomweyo, ndipo muone ndi maso anu pamene aliika.

6. Pokhala

Wotsika pafupi akhale pafupi ndi khomo, wopita kutali alowe kumbuyo. Mukakhala pa kampando kopinda ka m'mbali, dziwani kuti muzitsika ndi kukweranso pa siteji iliyonse kuti ena adutse, ndipo m'kutsikatsika mmenemo ndi mmene mafoni amasowera. Mu HiAce muli malo ena kuseri kwa dalaivala, pamwamba pa injini, oyang'ana kumbuyo. Pamatentha, palibe chogwira, ndipo si mpando weniweni. Mwana musamukhazike pamenepo.

Chikwama chikhale pamiyendo, zipi ikuyang'ana kwa inu. Foni musaigwiritse ntchito pawindo lotsegula galimoto ikaima mu Limbe kapena pa mdipiti, dzanja limachokera panja. Agogo, mayi woyembekezera kapena wobereka mwana akafika, mpatseni malo osavuta kutsika. Ndipo mukalowa, kamoni kwa amene mwakhala naye n'kofunika. Munthu ameneyo ndi amene adzakuyankhulireni zinthu zikavuta.

7. Kulipira ndi chenji

Mukangonyamuka kondakitala amati "tiyeni tione za mayendedwe," kapena amangotambasula dzanja kuyambira kutsogolo. Ngati muli kumbuyo, ndalama imadutsa m'manja mwa anthu. Potumiza nenani mokweza kuti ndi zingati ndipo ndi za anthu angati: "K2,000 iyo, m'modzi, pa Poly." Akati "chenji ndikupatsani," vomerani, koma mumukumbutse masiteji awiri musanafike potsikira, osati mutatsika kale. Ambiri saba dala, amakhala ndi mitu ya anthu khumi ndi asanu m'mutu mwawo. Koma alipo ena amene amadikira kuti muiwale, ndipo mukangoponda pansi amamenya chitseko galimoto n'kunyamuka.

Nthawi zina akasowa zosintha amakuphatikizani ndi munthu wina wotsikira pamodzi: akupatsani chipepala chimodzi kuti mukagawane. Ngati mnzanuyo mwamuona kuti ndi munthu wabwinobwino ndipo pafupi pali wogulitsa nthochi kapena mayunitsi, palibe vuto. Koma usiku, kapena ngati ndinu mtsikana ndipo akukuphatikizani ndi bambo wosamudziwa, kanani muli m'galimoto momwemo.

Musadabwe akangotolera ndalama n'kukhotera pomwetsera mafuta. Ndalama zanuzo ndi zimene akugulira mafutawo.

8. Akafuna kukugulitsani

Apa ndi pamene anthu ambiri okulangizani amadumpha, chonsecho ndi pamene wobwera kumene amalirira. Mwakwera ku Limbe, mwalipira mpaka m'tauni. Pofika pa Chichiri kapena pa Ginnery Corner anthu ambiri atsika, mwatsala anayi. Dalaivala aima kumbuyo kwa minibasi ina, kondakitala atsegula chitseko n'kunena kuti "tiyeni tikwere iyo, ndalipira kale." Kumeneko ndiye kugulitsidwa.

Muyambe mwamvetsa chifukwa chake, kuti musataye nthawi ndi ukali. Dalaivala ndi kondakitala amakhala ndi ndalama yoti akapereke kwa mwini galimoto madzulo aliwonse, ndipo chawo ndi chimene chatsala akachotsa imeneyo ndi ya mafuta. Kulowa m'tauni ndi anthu anayi pa nthawi ya mdipiti, kutsidya kwa msewu kuli khamu lofuna kupita ku Limbe, kwa iwo ndi kutaya ndalama. Nthawi zina amva kwa anzawo kuti kutsogolo kuli a trafiki ndipo mapepala a galimoto sali bwino. Nthawi zina mafuta atha. Simungawakakamize kupitiriza. Chimene mungathe ndi kuonetsetsa kuti musalipire kawiri, musataye chenji, ndipo musasiyidwe pamalo oipa.

Ndinaphunzira izi tsiku limene ndinkaperekeza mayi anga ku Gulupu. Anali ndi miyendo yotupa, akuyenda ndi ndodo. Pa Maselema anatitsitsa kuti tikwere ina. Ine maganizo onse anali pa kuwathandiza kutsika, dzanja lina ndagwira ndodo, lina ndawagwira m'khwapa. Pamene ndinkawakhazika m'galimoto yachiwiri, yoyamba ija inali itatembenuka kale. Tisanafike pa Stadium kondakitala watsopano anatambasula dzanja. Ndinati talipira kale. Iye anati, "Madala, ine wandipatsa za anthu atatu, inu mwalowa asanu." Sindikudziwa amene ananama pa awiriwo. Ndinalipiranso za anthu awiri, ndipo chenji changa cha m'galimoto yoyamba chinapita. Ndalama imene ndinasungira mayi kuti adye akatuluka kwa dokotala ndi imene inathera pamenepo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira chimandiwawa.

Ndiye chitani motere. Zizindikiro zimaoneka msanga: kondakitala ayamba kufunsa aliyense kuti "mukutsikira pati?" pamene analipiritsa kale, dalaivala akuimba foni kapena akupatsana zizindikiro ndi madalaivala ochokera kutsogolo, kondakitala wasiya kuitanira anthu m'njira. Mukaona zimenezi, itanitsani chenji chanu nthawi yomweyo.

Galimoto ikaima, musakhale woyamba kutsika. Mukadali pampando, galimotoyo singatembenuke, ndipo imeneyo ndi mphamvu yokhayo imene mwatsala nayo. Nenani modekha: "Chenji changa kaye." Mukalandira, nenani: "Aitaneni akondakitala a iyo abwere." Ndalama ichoke m'dzanja la uyu kulowa m'dzanja la uyo inu mukuona, ndipo wachiwiriyo atchule ndi pakamwa pake kuti walandira za anthu angati, mpaka kuti. Mawu oti "ndalipira kale" ochokera kwa amene akukusiyani alibe ntchito. Ofunika ndi oti "ndalandira" ochokera kwa amene akukutengani. Dziwerengeni amene mukusamutsidwa, ndipo muyankhule ngati gulu: "Tilipo asanu, tonse mpaka ku msika." Anthu amene simunawaonepo amagwirizana msanga pa nkhani imeneyi, amangofuna wina ayambe.

Funsaninso galimoto yachiwiriyo mafunso aja a kumene ikukafika ndi kumene ikudzera. Ndaonapo anthu akugulitsidwa kwa minibasi yopita ku Ndirande pamene iwo amapita m'tauni. Yang'anani ngati muli malo enieni okhala, chifukwa kawirikawiri ogulitsidwa ndi amene amakhala achinayi pa mpando. Katundu wanu wa kumbuyo mutsitse nokha musanalowe m'galimoto inayo.

Ngati palibe galimoto ina, yawonongeka kapena mafuta atha, itanitsani ndalama ya mtunda umene watsala, yokwanira kukwerera ina kuchokera pamenepo. Kondakitala angayambe ndi kukana, koma gulu likaima pamodzi amabweza. Musamugwire malaya, musatukwane. Pa siteji anzake ndi ambiri kuposa anzanu. Lembani nambala ya galimoto pa foni iye akuona, ndipo ngati zafika poipa kauzeni wapolisi wa pamsewu amene ali pafupi. Ukakhala usiku ndipo akufuna kukusiyani pamalo a mdima, nkhani ya ndalama muiike pambali, limbikirani kuti akakusiyeni pamene pali magetsi ndi anthu, monga pomwetsera mafuta.

Pali njira yopewera zonsezi imene imagwira nthawi zina. Mukakwera minibasi ya anthu ochepa pa nthawi yokayikitsa, uzani kondakitala mwaulemu kuti "ndalama ndili nayo iyi, ndikupatsani tikadutsa pa Ginnery." Ena amavomera, ena amakana. Akakana mwaukali, mwadziwa kale maganizo ake.

9. Kutsika ndi kusintha galimoto

Nenani potsikira siteji imodzi isanakwane: "Wotsika pa Poly!" Kondakitala amamenya denga kapena chitseko kuti dalaivala amve. Mukanena mochedwa pa Highway akakutsitsani siteji yotsatira, chifukwa pena paliponse a trafiki salola kuima. Ngati malowo simukuwadziwa, uzani kondakitala pokwera, ndipo uzaninso amene mwakhala naye. Mwa awiriwo wina akumbukira. Musanaponde pansi gwirani m'matumba ndipo yang'anani pampando. Mukatsika musadutse kutsogolo kwa minibasi, njinga zamoto zimatulukira m'mbali mwake mosaoneka.

Ku Limbe ndi m'tauni, pamene mwatsikira si pamene mukwerere yotsatira. Njira iliyonse ili ndi malo ake, ena cha ku msika, ena pa siteji ya Mibawa m'tauni, ndipo akhonsolo amawasuntha nthawi ndi nthawi. Musaime pakati pa njira n'kumayang'ana uku ndi uku ndi chikwama kumsana, mumaoneka kuti ndinu mlendo. Pitani kwa mayi wogulitsa pa benchi kapena mlonda wa pa sitolo mufunse: "Pepani amayi, za ku Chilomoni zikukwerera pati?" Tsiku loyamba musanayambe ntchito, yendani njira yonse Loweruka masana opanda changu, kuti Lolemba miyendo izidziwa yokha kolowera. Wenela ndi kokwerera mabasi a maulendo ataliatali. Wopita ku Chilomoni alibe chokachita kumeneko.

10. Pobwerera madzulo

Madzulo zinthu zimatembenuka. M'mawa makondakitala amakulimbiranani, madzulo ndinu amene mumalimbirana galimoto. Minibasi ikafika anthu amaunjikana pakhomo, ndipo akuba amakonda pomwepo chifukwa aliyense maso ali pa mpando. Chikwama chibwere kutsogolo, foni ilowe m'kati mwa chikwama, osati m'thumba la kumbuyo. Ngati muli ndi mwana kapena katundu, lekani ziwiri zitatu zidutse. Kuweruka mphindi 15 msanga, ngati abwana alola, kumapulumutsa ola.

Mvula ikagwa, kuyambira November mpaka cha mu April, mtengo umakwera nthawi yomweyo ndipo misewu ina ya m'makomo imaterera moti madalaivala amathera panjira. Sungani ndalama yapadera ya tsiku lotero, ndi kaambulera kakang'ono m'chikwama. M'miyezi ya June ndi July kumada msanga ndipo chiperoni chikagwa ku Limbe ndi ku Bangwe kumazizira kwambiri, nkhungu n'kuphimba msewu. Juzi musaisiye kunyumba poona kuti m'mawa kwacha bwino.

Maminibasi akayamba kusowa mudzaona ma Sienta, magalimoto ang'onoang'ono onyamula anthu, ndi a kabaza a njinga zamoto. Sienta imadzaza msanga ndipo imafulumira, koma muyang'ane nambala yofiira ija, ndipo usiku musalowe m'galimoto imene muli amuna okhaokha osawadziwa pamene inu muli nokha. Kabaza ndi wothandiza pa kamtunda kochoka pa siteji kukafika kunyumba. Pa Highway nthawi ya mdipiti ine sindikwera, ndipo ana a mlongo wanga ndinawaletsa. Ngati mwakakamizika, sankhani amene ali ndi chipewa choteteza mutu cha inunso, mukwere nokha osati awiri, ndipo mumuuze asananyamuke kuti simuli pa changu. Pezani wa kabaza m'modzi wa pa siteji ya kwanu amene anthu a m'dera amamudziwa, musunge nambala yake, kuti tsiku limene mwafika mochedwa muzimuimbira muli m'minibasi yomaliza, akudikireni pamene mukutsikira.